Mtsempha Umene Unatseka Njira ya ku Dedza

Senderani kuno, adzukulu anga, mufike pafupi, pakuti mawu anga masiku ano ali ngati mtsinje wa m'chilimwe, safika patali. Iwe wakhalira chidebe uko, bwera nacho chidebe chakocho. Dzuwa likadalipo, ndipo nkhani ndikufuna kukuuzaniyi ndi ya miyendo, poti ndamva kuti kusukulu kwanu zothamanga zayambika.

Kale, m'masiku a Chitaganya, pamene azungu anamanga dziko lino, la kumpoto ndi lathu la Nyasalande kukhala mtolo umodzi, Mvurwi uyu tinkamutcha Umvukwesi, ndipo kunalibe makombi amene mumakwera inu kupita ku Harare m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Kunali fodya, fumbi ndi mapulazi basi. Ife a m'komboni tinali anthu akutali, ena a ku Ntcheu, ena a ku Dowa, ena a ku Tete, koma eni dziko ankangotiphatikiza onse n'kutitcha Mabulantaya, ngakhale ambiri a ife Bulantaya wakeyo sitinamuonepo. Ine ndinabwera kuno ndili kumsana kwa amayi, ndiye kwathu ndimangokumvera m'kamwa mwa anthu. Koma alamu anga a Jailosi, a Mbewe, amene anakwatira mlongo wanga Esinati, iwo anabwera ndevu zitamera kale, pa malole aulere aja ankatuta anthu ofuna ntchito, ndipo anasiya amayi awo ali moyo cha ku Linthipe, kuseri kwa phiri la Dedza. Potsanzika anawalonjeza kuti adzabwerera atakwera njinga yawoyawo, pakuti nthawi imeneyo mwamuna wobwera kuchokera kuno wapansi, wopanda njinga, anthu ankamufunsa kuti kodi kumeneko unkakatani. Wosabwerera n'komwe ankamutcha mtchona, ndipo dzina limenelo a Jailosi ankaliopa kuposa njoka.

Ntchito yawo papulazi inali yotumidwa. Lero inu mumangodina kafoni m'manja mawu n'kufika, koma nthawi ija foni ya bwana inali miyendo ya a Jailosi. Kukatenga makalata kusitolo ya kumsewu, a Jailosi. Thalakitala yafa kumunda wakutali, a Jailosi. Ndipo munthu uja ankathamanga, ana inu! Anali wochepa thupi, wa akatumba ouma ngati nsungwi, koma chodabwitsa chinali chakuti sankamveka. Unkangozindukira mphepo yakudutsa pakhutu, munthu ali uko.

Ine ndinali wosonkhezera moto kumabalani, kumene timaumitsira fodya, ndipo Lamlungu tikaweruka kutchalitchi ndinkawatsatira kuti andiphunzitse kuthamanga. Tsiku loyamba ndinachoka ndi liwiro lonse kuti ndiwaonetse kuti nanenso ndine mwamuna. Iwo anangokhala pansi n'kugwira nthiti.

"Alamu," anatero, "kodi nthakayi inakulakwirani chiyani? Mukuiponda ngati mukusinja mphale. Ndi a ku Shamva omwe, kutali konse kuja, akumva kuti a Banda anyamuka."

"Inu mumathamanga mwakachetechete chifukwa munazolowera kuba nkhuku," ndinawayankha.

"Nkhuku ayi, ndinaba mlongo wanu masana dzuwa likuswa mtengo, inu muli pomwepo. Imirirani ndikuonetseni."

Zimene anandiuza tsiku limenelo ndikuzikumbuka ngati zadzulo, ndipo inu tcherani khutu, pakuti aphunzitsi anu mwina amazinena m'Chingerezi koma ndi zomwezi. Ankati usamaponye mwendo kutsogolo ngati ukulumpha ngalande, chidendene n'kumayamba ndicho kugunda pansi, pakuti kuteroko ndi kudziikira mabuleki wekha, ndipo bondo ndi msongolo ndi zimene zimalipira. Phazi lizitera pansi pa thupi lako, mopepuka, masitepe afupiafupi koma ofulumira, ngati munthu woponda mchenga wotentha. Mutu uziyang'ana kumene ukupita, osati zala zakumapazi, zalazo sizithawa. Mapewa azikhala omasuka. Za manja ankati, "Yerekezani kuti mwagwira tsamba la fodya louma, longotuluka m'balani. Mukafinya lafumbutuka, mukatayirira lauluka." Ndipo chachikulu ankachinenera pa ntchito yanga yomwe. Ankati, "Alamu, inu mukalowetsa fodya wamuwisi m'balani, mumayamba ndi moto waukulu?" Ine n'kuti ayi, angapse osafiira bwino, moto timakweza pang'onopang'ono. Iwo n'kuti, "Mwendonso ndi fodya. Yambani mwakayendedwe, kenako kamtunda ka nyang'anyang'a, thukuta likatuluka ndiye mutsegule. Mtunda umene mwathamanga sabata ino musauwirikize sabata ya mawa. Ndipo mwendo ukalankhula, khalani pansi muumvere."

Mwawamva mawu omalizawo? Munthu amene anandiphunzitsa zimenezo ndi yemweyo amene sanazitsate, ndipo sikuti anaiwala ayi.

Chaka chimenecho, fodya atagulitsidwa, azungu a mapulazi oyandikana anakonza tsiku la masewera monga ankachitira. Pankakhala mpira, kukokana chingwe, amayi kuthamanga atasenza mabotolo pamutu, ndipo potsiriza mpikisano wautali wa amuna, kuyambira kusitolo ya kumsewu kudzathera pabwalo lathu la mpira. Zaka zina wopambana ankalandira bulangete kapena jasi. Koma ulendo uwu anaimika njinga yakuda, yatsopano, pakhonde la sitolo, kuti aliyense aziiona. A Jailosi atabwera kokatenga makalata tsiku limenelo sanadye n'komwe. Anauza mlongo wanga kuti, "Nabanda, yamba kuchapa nsalu zako. Mvula isanagwe ukawagwadira apongozi ako ku Linthipe." M'komboni monse munalibe wokayika, ngakhale a mapulazi enawo ankadziwa kuti akukalimbirana malo achiwiri.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Masewera atayandikira, m'komboni munagwa maliro a nkhalamba ina ya ku Dowa, munthu wamkulu kudambwe, ndipo pa tsiku loika kunabwera gule. Apa ndiyenda mosamala, adzukulu anga, pakuti ine ndinakulira m'kalasi ya tchalitchi, kudambwe sindinapiteko, ndipo za eni ake sindizitola pakamwa. Ndinena zokhazo zimene maso a aliyense anaona masanasana. Panatuluka chilombo china chopepuka thupi, cha nthenga kumutu, chimene chinavina mpaka amayi mawu anawathera, ndipo pomaliza chinathamanga n'kulumpha mulu wa nkhuni umene unali pambali pa bwalo. Chinalumpha bwino, koma potera phazi lamanzere linafikira pa chitsa. Chinaima kanthawi kochepa, nyimbo ya amayi inachita ngati yadukira pakhosi, kenaka chinalowa m'tchire chikukoka mwendo umenewo. Anthu onse anaona.

M'mawa mwake alamu anga anatuluka m'nyumba akutsimphina mwendo wamanzere.

Ine sindinanene kanthu kuposa pamenepo, ndipo inunso musawonjezerepo. Chilombo ndi chilombo, chimachokera kumene chimachokera, ndipo sichivulala ngati munthu. Koma inu ganizani nokha mtolo umene a Jailosi anausenza. Akanati anene kuti mwendo wandipweteka dzulo, amayi ndi ana omwe akanalumikiza zinthu zosayenera kulumikizidwa, ndipo munthu wochititsa zimenezo, kwa anzake a kudambwe, ndi woipa kuposa mbala. Tsono anauza Esinati kuti aponda minga pobwera kumanda.

Ndinawapeza kuseri kwa nyumba, mlongo wanga atakhazika phazi lawo pamiyendo pake, singano ili m'manja, akufunafuna pansi pa phazi. Phazi la munthu wosavala nsapato chibadwire, lolimba ngati chikopa cha ng'ombe.

"A Mbewe, minga yake ili pati? Ine sindikuiona."

"Yalowa mkati. Funa bwino."

Anatokosa mpaka kutuluka timagazi, n'kumanga kansanza. Koma ine ndinali nditaona kale. Munthu wa minga amanyang'ama, amathawitsa pamene pabayidwapo. A Jailosi ankaponda phazi lonse phwatha, osafuna kuimira zala, ndipo kumbuyo, pamwamba pa chidendene, pamene pamadutsa mtsempha waukulu uja umalumikiza katumba ndi phazi, panali potupa ngati dzira la njiwa. Gwirani panu pomwepo, muumve. Eya, umenewo. Chingwe chimenecho ndi chimene chimakunyamulani mukamathamanga.

Bodza la minga lili ndi vuto limodzi, silikhalitsa, pakuti minga sichedwa kupola. Patapita masiku ochepa anayenera kumasula kansanza kaja n'kumayenda mowongoka pamaso pa anthu, ndipo bwana atawatuma anathamanga monga mwa masiku onse, mano ali gwa. M'mawa podzuka mwendo unkakhala wouma ngati mtengo, ukatenthedwa ululu n'kuchepako, ndipo zimenezi ndi zimene zimanamiza othamanga ambiri. Amati taonani wapola, pamene mkati ulusi ukuduka umodziumodzi.

Tsiku lina masana anabwera kumabalani ngati akudzapempha moto wa fodya wawo. Kunalibe munthu wina. Ndinatenthetsa madzi m'chitini, ndinawakhazika pa chipika n'kuyamba kuwathowa ndi chiguduli. Nditangokhudza pamtsempha paja anagwira phewa langa mpaka zikhadabo kulowa.

"Alamu," ndinati, "iyi si minga."

"Inu ndinu a kutchalitchi. Ndati minga."

"Chabwino, minga. Koma mingayi ikufuna mwezi wathunthu muli khale. Ndipite kwa akapitawo ndikanene kuti mwadwala malungo, wina athamange m'malo mwanu."

"Malungo otsimphina mwendo wamanzere? Akazi a m'komboni muno si ana. Panopa akungondiyang'ana kumapazi ndikamadutsa pachitsime. Ndikapanda kuima pamzere tsiku limenelo, ndiye kuti ndawauza ndi pakamwa panga."

"Njinga zidzabweranso chaka chamawa."

"Amayi anga adzabweranso chaka chamawa? Munthu wa kwathu amene wafika mwezi wathawu akuti maso ayamba kuchita khungu. Ndikufuna akandione akadaona." Kenaka anaseka pang'ono. "Musade nkhawa, alamu. Ndikakunyamulani pakaliyala mpaka kusitolo, anthu akaone katundu amene ndinapatsidwa pamodzi ndi mkazi."

Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine chitseko cha mwendo wa munthu wina ndikanachitsekula bwanji? Anzawo a kudambwe nawonso ankadziwa, ndipo ndinamva kuti anawatema mphini n'kupakamo mankhwala, koma kuti aime pagulu n'kunena kuti uyu asathamange, chifukwa chake akanati chiyani? Aliyense anatseka pakamwa pofuna kulemekeza mnzake.

Tsiku linafika, kunja kuli ngwee, kamphepo kozizira ka mwezi wa fumbi. Amuna anawatengera kusitolo pa ngolo ya thalakitala, ife tinakhala m'mbali mwa msewu, ine ndi Esinati tinasankha pachitunda cha pafupi ndi damu, pamene njira imakwera isanatsetserekere kubwalo. Tinaona fumbi patali, kenaka kadontho kamodzi kali patsogolo pa onse. Amayi anayamba nthungululu. Koma atayandikira, kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni ndinawamva a Jailosi akubwera. Phazi lamanja linkatera mwakachetechete monga kale, koma lamanzere linkati pha, pha, pha, ndipo thupi lonse linali litapendekera mbali imodzi, nkhonya atafumbata. Mnyamata wa pulazi ina, wamtali, Mshona, ankawatsatira chapatali ndithu. Akanangopitiriza momwemo mwina akanafika. Koma chitunda chimafuna zala, ana inu, sungakwere phiri ndi phazi lophwathalala. Anaimira zala kuti akankhe.

Ndinamva ndi makutu angawa. Kunalira ngati chikwapu cha woyendetsa ng'ombe, thwa! A Jailosi anagwa chafufumimba, n'kutembenuka msanga kuyang'ana kumbuyo, nkhope ili yodabwa ngati ya mwana.

"Ndani wandigenda? Alamu, ndani wandigenda mwala?"

Kumbuyo kwawo kunalibe munthu. Anayesa kudzuka, phazi linangolendewera ngati la nkhuku yophedwa. Mnyamata wamtali uja atafika anachepetsa liwiro, akufuna kuima, koma a Jailosi anamukalipira m'Chishona kuti thamanga iwe, njinga siidikira munthu. Anadutsa akuyang'ana m'mbuyo, enanso onse anadutsa, fumbi lawo likutikwirira.

Esinati anagwada mumsewu momwemo, anamasula mpango wake n'kuyamba kumanga, ndipo sanamange pansi pa phazi ayi, anamanga pamwamba pa chidendene penipeni, osafunsa munthu. Anandiyang'ana misozi ili mbwembwembwe n'kunena motsitsa mawu kuti amuna ake asamve, "Achimwene, ine ndinadziwa m'mawa womwe uja. Singano ija ndinkangotokosa kuti asachite manyazi." Ndiye onani, mkazi ankadziwa, mlamu ankadziwa, a kudambwe ankadziwa, mwina ndi amayi a pachitsime omwe, ndipo chinsinsi chimene tonse tinkachisunga chinali chosabisika kwa aliyense. Mbewa ya manyazi idafera kuuna, koma iyi inafa mudzi wonse utazungulira una, uli chete.

Lero munthu akaduka mtsempha umenewo amamutengera kuchipatala, madokotala amausoka kapena kuumanga m'chikhakha, ndipo akapirira miyezi yake amayendanso. Nthawi ija ena anati amene awaponyera matsenga ndi a pulazi ina chifukwa cha njinga, poti mwini wake anati wagendedwa, ndiye masabata anathera kwa asing'anga. Dona wa papulazi anapereka bandeji ndi mankhwala opaka. Pamene ankafika kuchipatala cha m'tauni, anawauza kuti mwachedwa, nsonga ziwiri za mtsempha zathawana, iliyonse yapolera payokha. Anabwerako ndi ndodo.

Bwana sanawachotse ntchito, anawaika kumabalani pamodzi ndi ine, ndipo wotumidwa anakhala mnyamata wina amene anamugulira njinga ya papulazi. Tinasonkha moto limodzi zaka zambiri. Ndinkawauza kuti alamu, tiyeni tisonkherane, mukwere basi, mukawaone amayi, mwana ndi mwana ngakhale abwere chokwawa. Iwo ankapukusa mutu. "Ndinachoka ndikuuluka, ndikalowe m'mudzi ndi ndodo, manja ali zii? Akandifunsa kuti mwendo unatani, ndikati chiyani? Dikirani uwongoke kaye." Chaka chino uwongoke kaye, chaka chamawa uwongoke kaye. Chitaganya chinatha, malole aulere analeka, malire anayamba kufuna mapepala, kenaka kunabwera nkhondo, njira ya ku Tete n'kukhala yoopsa. Uthenga wa maliro a amayi awo unatipeza mochedwa, udzu utamera kale pamanda, ndipo munthu amene anaubweretsa ananenanso, mosaganiza, kuti gogoyo mpaka tsiku lomaliza ankati akamva belu la njinga kumsewu ankafunsa ana kuti taonani, si Jailosi ameneyo. Anatinso abale kumudziko amati Jailosi anatchona, anakomedwa ndi sadza, nsima ya ku Halale, anaiwala amene anamubereka.

Tsiku limenelo alamu anga sanalire pagulu. Anabwera kubalani, anakhala pa chipika, anayang'ana moto nthawi yaitali, kenaka anati, "Alamu, fodya uyu mwakwezera moto msanga." Moto unali bwinobwino. Ine ndinangoti inde, ndichepetsa.

Koma ana a m'komboni sanawasiye. Madzulo akamathamangitsana pabwalo, iwo ankakhala pakhonde atatsinzina, n'kumakuwa, "Iwe mwana wa a Phiri, ndakumva! Chepetsa sitepe!" Ndipo mwana aliyense wotsimphina ankamuitana, n'kumugwira mwendo ndi manja awo okhakhala aja, n'kumuuza kuti sabata ino iwe ukhala pano ndi ine, uziwerenga anzako. Mwana akakana, ankakwinya buluku n'kumuonetsa katumba wawo wamanzere, amene anali atafota kusanduka ngati dzanja la mwana. Mwanayo ankakhala pansi yekha.

A Jailosi anamwalira ufulu wa dziko lino utabwera kale, ndipo ali kuseri kwa mabulugamu uko, pamene pagona anthu athu ambiri amene ankati tikupita chaka chamawa. Anapempha chinthu chimodzi, kuti powagoneka nkhope iyang'ane kumene kuli Dedza, ndipo tinatero. Mlongo wanga anawatsatira patapita mvula zingapo, apongozi ake osawaonapo.

Tsono inu adzukulu anga, thamangani, sindikukuletsani, liwiro ndi mphatso. Muli ndi nsapato zofewa zimene ife sitinkazilota, koma nsapato siimva ululu m'malo mwanu. Yambani mofatsa thupi litenthe, terani mopepuka, mtunda muziwonjezera pang'onopang'ono, ndipo pamene papweteka mawa n'kupwetekanso mkuja pamalo pomwepo, imani, nenani, ngakhale mpikisano uli pakhomo. Miyambo ya makolo ilemekezeni, pakamwa posunga chinsinsi ndi pa munthu wamkulu, koma mukaona mnzanu akubisa bala, mupezereni njira yopumira imene siimuvula ulemu, musangomuyang'ana kumapazi.

Ndipo ndikupempheni kanthu kamodzi, poti ine miyendo yatha ndipo Linthipe sindidzamuona. Inu mumayenda, ena mwa inu mudzawoloka Zambezi pa ntchito kapena pa malonda. Mukadzakumana ndi munthu wa kuseri kwa phiri la Dedza, wa mfunda wa a Mbewe, ngakhale pabasi pomwe, mudzamukhazike pansi mumuuze nkhaniyi, nayenso akauze a kwawo. Akanene kuti Jailosi sanaiwale amayi ake. Anali m'njira akubwera, anagwera pachitunda cha padamu.